Mapointi a kuhotela, khadi la kubanki, ndi sabata imene ndinagula ku Durban

Ndili ndi shopu ya mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'dimba kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo nyengo yokolola ikafika ndimagulanso soya ndi mtedza kwa alimi a ku Chadiza, Vubwi ndi Chipangali. Ntchito imeneyi siikhazika munthu pansi. Ku Lusaka ndimapita kangapo pa chaka, makilomita pafupifupi 570 kudzera ku Katete, Sinda, Petauke, Nyimba ndi pa mlatho wa Luangwa. Ku Lilongwe ndiye ndimangodutsa pa Mwami ngati ndikupita kwa aneba. Kwa zaka zambiri ndinkagona m'mahotela ndi m'maloji osadziwa kuti pali zina zimene mlendo amapatsidwa ngati wafunsa. Nditadziwa ndinathamanga nazo mopitirira, mpaka ndinakasaina pepala ku South Africa limene likanandimangirira ngongole ya moyo wonse. Chandichititsa kulemba n'chakuti mwezi watha mnzanga wa m'chilimba, gulu lathu losonkherana ndalama, anandionetsa meseji pa foni yoti wawina tchuthi cha masiku atatu, ndipo chimwemwe chimene chinali pankhope pake ndinachizindikira. Ndinakhalapo nacho.

Za mapointi ndinazimva kumayambiriro kwa 2019. Kampani ina ya mbewu inatiitanira ku Lusaka ife ogulitsa katundu wake, ndipo tinagona pa hotela yaikulu masiku atatu. Tsiku lomaliza anatiuza kuti tituluke m'zipinda m'mawa. Ine ndinatsitsa zikwama n'kukhala polandirira alendo kudikira nthawi ya basi, koma mayi wina wa ku Kitwe amene tinali naye pamsonkhanowo anabwerera kuchipinda kukapuma mpaka masana. Nditamufunsa kuti waonjezera zingati, anati sanalipire kanthu, iye ndi membala. Anandionetsa nambala yake pa foni, n'kundithandiza kulembetsa pomwepo. Sizinatenge mphindi khumi ndipo sindinatulutse ngakhale ngwee.

Mahotela ambiri akuluakulu ali m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi kaundula wa alendo ake. Protea ya kuno ku Chipata, pamodzi ndi za ku Lusaka ndi ku Livingstone, zili pansi pa Marriott, imene inagula dzina la Protea mu 2014, ndipo kuyambira 2019 umembala wake umatchedwa Marriott Bonvoy. Mahotela a Hilton ali mu Hilton Honors, InterContinental ndi Holiday Inn zili mu IHG One Rewards, pamene Radisson Blu ili ndi Radisson Rewards. Konseko kulowa n'kwaulere. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ndi pamene nkhani yanga yonse yagona: mapointi enieni a kuhotela salipiritsa polowa. Ukagona amakulembera mapointi molingana ndi ndalama ya chipinda, ndipo akachuluka umatha kugona usiku wina osalipira. Amawerenganso mausiku. Ku Marriott, ukakwanitsa mausiku 10 pa chaka umakwera pa Silver, 25 pa Gold, 50 pa Platinum. Pa Gold amatha kukulola kutuluka 2 koloko masana kapena kukusamutsira kuchipinda chabwinoko, koma pokhapokha malo alipo. Si lamulo loti ungakamenyere tebulo.

Ulendo wanga woyamba monga membala sindinapeze pointi ngakhale imodzi, ndipo cholakwa chinali changa. Mwana wanga anandisungitsira chipinda kudzera pa webusaiti ija yosonkhanitsa mahotela ambirimbiri, poona kuti mtengo watsikako pang'ono. Malamulo a magulu amenewa amanena poyera kuti chipinda chosungitsa kudzera kwa munthu wapakati sichibala mapointi, ndipo usikuwo sauwerenga. Uyenera kusungitsa kwa eni ake, pa foni, pa apu yawo kapena pakhomo. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndaona mtengo pa intaneti, kenako ndimaimbira hotelayo n'kufunsa ngati ingandipatse mtengo womwewo kapena wa mamembala. Nthawi zambiri amavomera. Chinanso chimene chimatayitsa anthu ndi misonkhano. Bungwe likalipira zipinda zonse pa bilu imodzi, kawirikawiri mapointi sabwera kwa wogonayo. Inu a m'maofesi amene mumayenda m'mawekishopu, perekanibe nambala yanu pofika ndipo funsani, chifukwa zimatengera mmene bungwe lanu linapanganirana ndi hotela. Lisiti musataye. Mapointi akapanda kuoneka pakatha masabata awiri, lisiti lomwelo ndi limene mumatumiza kuti akonze.

Muziyang'ananso bilu bwinobwino. Kuno kwathu pamwamba pa mtengo wa chipinda pamabwera VAT ya 16 peresenti, ndalama ya antchito ya 10 peresenti, ndi msonkho wa zokopa alendo wa 1.5 peresenti umene unayamba mu 2017. Mapointi sawerengedwa pa zimenezi. Ndiye munthu akakutchulirani mtengo pa foni, funsani ngati zonse zalowamo kale, kuopa kudzachita manyazi pa kauntala.

Maganizo anga pa mapointi ndi awa. Kwa munthu wa ku Chipata amene amalipira yekha, si chinthu chothamangira. Kusiyana kwa mtengo pakati pa loji yaukhondo ku Lusaka ndi hotela yaikulu, pa usiku umodzi wokha, kumaposa kutali phindu la mapointi a usikuwo. Ine ndimagona pa hotela yaikulu pamene pali chifukwa, monga msonkhano uli pomwepo kapena ndikukumana ndi ogula soya amene amaonera munthu pa malo amene wafikira. Zikatero ndimaonetsetsa kuti usikuwo walembedwa. Ndinasankha gulu limodzi basi, poti mapanga awiri avumbwitsa: mapointi omwazika m'magulu anayi safika pogonetsa munthu. Ndipo amafa. Ku Marriott mukakhala miyezi 24 osachita chilichonse pa akaunti, onse amafufutidwa. M'zaka zonsezi ndagonapo mwaulere kawiri, ndipo kamodzi kanali pamene ndinaperekeza amayi anga kukaonana ndi dokotala wa maso ku Lusaka. Usiku umenewo ndinathokoza mayi wa ku Kitwe uja ndi mtima wonse.

Koma khadi limene landipulumutsira ndalama zambiri kuposa onse ndi reji, chitupa chathu cha unzika. Ku Mfuwe, makilomita pafupifupi 130 kuchokera pano, ife nzika timalipira ndalama yochepa kwambiri pa geti la South Luangwa poyerekeza ndi alendo akunja, ndipo maloji ambiri ali ndi mtengo wapadera wa anthu okhala m'dziko muno, makamaka nthawi ya mvula pamene azungu achepa. Mtengo umenewu nthawi zambiri sauika poyera, umachita kufunsa. Ku mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Livingstone n'chimodzimodzi, nzika ili ndi mtengo wake. Anthu ambiri a kuno anabadwa mpaka kukalamba osaona njovu za ku Luangwa poganiza kuti kumeneko n'kwa madola okhaokha. Nawonso maloji ang'onoang'ono ali ndi mapointi awo osalembedwa. Kumene ndimafikira ku Lusaka, mtsikana wa polandirira alendo amandidziwa, amandisungira chipinda cha kutali ndi jenereta, ndipo ndikakhala masiku opitirira atatu abwana ake amandichotserako. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumathima pafupifupi tsiku lonse, funso loyamba silinali la mapointi koma loti muli ndi sola kodi, nanga madzi akutuluka? Ndipo achibale akamabwera ku Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, kapena ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, asungitsireni malo mwezi usanafike. Masiku amenewo ngakhale membala wa Gold amagona pa mphasa kwa alamu.

Tsopano za banki. Mu 2019 momwemo tinakonza zopita ku Johannesburg pa holide ya Ogasiti, poti abambo akunyumba ndi mphunzitsi, kukaona mng'ono wawo amene amagwira ntchito kumeneko. Akaunti imene ndinali nayo inali ya shopu, ndipo sindinafune kuyenda ndi khadi losunga ndalama zogulira soya. Ndinaganiza zotsegula ina ya maulendo. Ndinayenda katatu. Ulendo woyamba ndinalibe pepala la TPIN. Kuyambira 2017 aliyense wokhala ndi akaunti ku banki amafunika nambala imeneyi ya ZRA, bungwe lotolera misonkho. Amapereka mwaulere, ku ofesi yawo kapena pa intaneti, ndiye musalipire munthu wa panja pa geti amene akuti akuthandizani. Ulendo wachiwiri panavuta umboni wa kumene ndimakhala. Tinkachita lendi ku Kalongwezi ndipo mita ya magetsi ya ZESCO inali m'dzina la eni nyumba, choncho anafuna kalata yochokera kwa iwo. Kwa okhala kumudzi mabanki ena amalandira kalata ya amfumu, koma funsani kaye chifukwa amasiyana. Ulendo wachitatu ndi umene unandidzidzimutsa. Dzina langa pa reji linalembedwa ndi r, pa pasipoti ndi l. Ife pakamwa sitisiyanitsa, koma kompyuta imaona anthu awiri. Ndinachita kukalumbira kukhoti kuti ndine munthu mmodzi. Tulutsani mapepala anu lero muwayerekeze chilembo ndi chilembo, ndipo polembetsa umembala wa hotela kapena pogula tikiti ya ndege, tsatirani mmene zalembedwera pa pasipoti.

Mapepala atakwana, mnyamata wa ku banki anandiuza mwaulemu kuti, “Amayi, anthu oyendayenda ngati inu amatenga akaunti yapamwamba iyi.” Inali ndi khadi lolowera m'chipinda chopumira pa bwalo la ndege, inshulansi ya paulendo, ndiponso sufola pamzere. Sanandinamize, zonsezo zinalipodi. Chimene sindinachite ndi kuchulukitsa ndalama yodula pamwezi ka 12. Chaka chitatha ndinakhala pansi ndi sitetimenti. Chipinda chopumira chija ndinalowamo kawiri, pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka ndi la OR Tambo ku Johannesburg, n'kumwa tiyi ndi kudya masangweji. Maulendo anga ena onse anali a basi, ndipo pa siteshoni ya mabasi ya Intercity palibe amene amafunsa mtundu wa khadi. Inshulansi nayo kawirikawiri imagwira ntchito ngati tikiti munagulira khadi lomwelo, pamene ife tinagula ndi kashi. Ndinatsikira ku akaunti wamba ya khadi la Visa, ndipo imandichitira zonse zimene ndimafuna. Musanasaine, pemphani pepala lachidule losonyeza ndalama zonse zimene azidula, limene amalitcha Key Facts Statement, mukaliwerengere kunyumba. Dziwaninso kuti mu Seputembala 2018 Bank of Zambia inaletsa ndalama zingapo zimene mabanki ankadula, kuphatikizapo yotsegulira akaunti, yotsekera, ndi yodzutsira akaunti yogona. Za khadi la ngongole lopatsa mapointi sindinalole n'komwe. M'dziko limene chiwongoladzanja chimapitirira 20 peresenti pa chaka, mwezi umodzi wochedwa kubweza umadya mphatso zonse, dzina n'kukathera ku CRB, kaundula wa mbiri ya ngongole za anthu.

Pali tizinthu tina timene ndinaphunzira paulendowo. Uzani banki kuti mukutuluka m'dziko, apo ayi makina awo angaganize kuti khadi labedwa n'kulitseka. Nambala yachinsinsi yotsimikizira malipiro imabwera pa laini yanu ya kuno, ndiye simu khadi musaisiye kunyumba ndipo tsegulitsani roaming. Makina olipirira akakufunsani kuti muwerengere ndalama iti, sankhani ya dziko limene muli, chifukwa mtengo wosinthira wa makinawo umakhala woipa. Ndipo hotela ikapempha khadi lanu ngati chikole, imatsekereza ndalama yeniyeni mu akaunti, imene imatha masiku angapo isanamasulidwe ngakhale mutatuluka kale. Ngati muli ndi zochepa, funsani ngati angalandire chikole cha kashi.

Khadi la akaunti yapamwamba lija ndi limene ndinali nalo m'chikwama Loweruka lina ku Durban, pa ulendo womwewo wa 2019. Alamu a ku Johannesburg aja anatikweza basi kuti tikaone nyanja ya mchere masiku atatu. Tikuyenda m'mbali mwa gombe, mtsikana wovala bwino anatiimitsa n'kutipatsa kakhadi kofwetula. Abambo anafwetula, palibe. Ine ndinafwetula, nyenyezi zitatu. Mtsikanayo anakuwa, kudumpha, kundikumbatira, akuti sabata yonseyo palibe amene anapata. Ndawina tchuthi. Chofunika n'kungopita ku ofesi yawo, tonse awiri, kukamvetsera kwa ola limodzi ndi theka, ndipo galimoto inali pomwepo.

Tinakhalako maola anayi. Anatipatsa zakumwa, natifunsa za ana, za ntchito, za ndalama imene timaononga tikayenda, ndipo zonse ankalemba. Atamva kuti ndife a ku Chipata anatibweretsera mnyamata wa ku Malawi wolankhula chinenero chathu. Apa m'pamene mtima wanga unagwera pansi. Kutali konseko kumva munthu akuti, “Amayi, khalani omasuka, ife ndife amodzi, sindingakupusitseni,” unali ngati moni wa pakhomo. Mnyamatayo sindimuda. Mwina nayenso ankangosaka chakudya cha ana ake.

Chimene ankagulitsa amachitcha timeshare. Poyamba chinkayenda motere: nyumba imodzi ya pamalo a tchuthi amaigawa m'masabata a pa chaka, iwe n'kugula sabata imodzi, yomweyomweyo chaka chilichonse. Masiku ano ambiri amagulitsa mapointi. Umagula mulu wa mapointi, ndipo chaka chilichonse umawasinthanitsa ndi masiku pa malo osiyanasiyana, ngakhale kunja kudzera m'mabungwe osinthanitsa monga RCI. Atangotchula mawu oti mapointi ndinamasuka. Ndinauza abambo kuti izi ndikuzidziwa, ndi zomwe zija za kuhotela. Sizinali zomwezo ngakhale pang'ono. A kuhotela amabwera okha pa ndalama imene ukanaononga kale, ndipo ukawasiya palibe amene amakulondola. Awa umagula ndi ndalama zambiri, kenako chaka chilichonse umalipira ina yosamalira malo, imene amati levy, upite usapite. Levy imakwera, ndipo amene amaikweza si iwe.

Mtengo woyamba umene anatchula unali woti munthu ungoseka n'kunyamuka. Titakana anabwera wamkulu wake n'kuutsitsa. Titakananso anabwera wina, akuti pali banja lina labweza mapointi ake lero lomwe, titha kutenga pa theka, koma mwayiwo ukutha tikatuluka pakhomo. Patebulo lina anaomba m'manja n'kutsegula botolo, kusonyeza kuti ena agula. Abambo anandinong'oneza kuti, “Mayi, tiyeni tikaganize kaye kunyumba.” Ine ndinawayankha kuti moyo wonse takhala tikugwira ntchito, ana athu asadzaone nyanja? Ndinali nditatopa, njala itandigwira, komanso ndinkachita manyazi kukana anthu amene atisamalira chonchija. Tinasaina masamba ambiri osawerenga. Ndinapereka khadi, anadula 8,000 randi ya chiyambi, yotsalayo tizilipira mwezi ndi mwezi kwa zaka. Tchuthi chimene ndinawina chija chinali kapepala kofuna kuti ulipire ndalama yosungitsira malo, ndipo sikagwira ntchito nthawi ya holide ya sukulu.

Tinabwerera ku Johannesburg Lolemba. Lachiwiri madzulo ndinatulutsa chikwama cha mapepala monyadira kuti alamu aone. Anawerenga mwakachetechete, kenako anafunsa kuti, “Alamu, mwasaina liti?” Nditati Loweruka, anawerenga zala n'kunena kuti tikadali ndi nthawi, koma tisagone. Anationetsa mzere wonena kuti panganolo lilibe tsiku lothera. Anatifotokozera kuti anthu a kumeneko akhala akulira ndi mapangano otere kwa zaka, mpaka bungwe la boma loteteza ogula, National Consumer Commission, linachita kafukufuku kuyambira 2017 n'kutulutsa lipoti mu Disembala 2018. Madandaulo aakulu anali omwewo: pangano losatha, levy yokwera chaka ndi chaka, malo osapezeka nthawi imene ukuwafuna, ndi kulephera kutulukamo. Kenako anatenga pepala n'kutiwerengera monga wa pamsika. Kuti banja la anthu asanu lichoke ku Chipata kukafika pa chipinda chathucho, pafunika basi ya ku Lusaka, ndege kapena basi ya masiku awiri ya ku Johannesburg, ulendo wina wa ku Durban, mapasipoti asanu, chakudya. Chipindacho ndiye chinali chinthu chotchipa pa zonse. Anamaliza ndi mawu a akuluakulu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chimene chinatipulumutsa ndi lamulo la ku South Africa loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008. Gawo 16 limati ngati wogulitsa ndi amene anakutsata kudzakutsatsa malonda, uli ndi masiku asanu a ntchito oti usinthe maganizo, osapereka chifukwa ndiponso osalipa chindapusa, bola udziwitse molemba. Loweruka ndi Lamlungu sawerenga. Wogulitsayo ayenera kubweza ndalama pasanathe masiku 15 a ntchito. Usiku womwewo alamu analemba kalata yaifupi: maina athu, nambala ya pangano, tsiku losaina, ndi mawu oti tikuthetsa panganolo motsatira gawo 16. Sitinaikemo madandaulo kapena kupepesa. Tinasaina tonse awiri, n'kuitumiza pa imelo Lachitatu m'mawa, ina pa kampani yonyamula makalata kuti pakhale siginecha ya wolandira. Ndinaimbiranso banki yanga kuno kuti itseke khadi lija, ndidzatenge lina ndikabwera.

Mafoni anayamba masana omwewo. Mnyamata wa ku Malawi uja anaimba kachisanu, akuti amayi mwandichititsa manyazi kwa abwana, tiyeni tingochepetsa mapointi, kapena tiimitse kaye malipiro kwa miyezi itatu. Alamu anandichenjeza kuti ndisavomere chilichonse pakamwa, chifukwa cholinga n'choti masiku asanu aja adutse. Yankho langa linali limodzi: lembani pa imelo. Ndalama inabwera patatha milungu isanu, titakumbutsa kawiri. Inabwera yoperewera, osati chifukwa iwo anadulako, koma chifukwa posintha kwacha kupita ku randi ndi pobwerera banki imagula ndi kugulitsa pa mitengo iwiri yosiyana, kuonjezapo ndalama yolipirira kunja. Ndinataya ndalama yokwana thumba la feteleza ndi kuposerapo. Ndinaivomereza.

Ndinadzadziwa kukula kwa dzenje limene ndinalumpha nditafotokoza nkhaniyi ku chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Titaweruka, mayi wina wachikulire, nesi wopuma pantchito, anandikokera pambali. Iye ndi malemu amuna ake anasaina pangano lotere zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo anapitako kamodzi kokha. Mu 2020 South Africa inatseka dziko kumapeto kwa Malichi chifukwa cha korona, malire onse otseka, koma bilu ya levy inabwera ndithu. Ndiye pali nkhani ya kwacha, imene ogulitsa aja satchula. Mu 2019 randi imodzi sinkafika n'kwacha imodzi yomwe, ndipo dola inali cha m'ma K13. Pofika 2024 dola inadutsa K27, randi n'kuyandikira kwacha imodzi ndi theka. Ngakhale levy ikanakhala yosakwera, kwa munthu wolandira penshoni ya kwacha inali itakula kale ndi theka. Atayesa kugulitsa mapointi ake anapeza kuti palibe wogula, poti anthu ena amawapereka ngakhale kwaulere kuti angothana ndi levy. Kenako anamuimbira munthu wina wonena kuti wapeza wogula wa ku Dubai, angotumiza kaye ndalama ya mapepala. Anatumiza. Foni ija sinayankhidwenso.

Sindikunena kuti aliyense wa timeshare ndi wakuba. Alamu ali ndi anzawo a ku Johannesburg amene ali ndi sabata yawo ku gombe, amapita pa galimoto chaka chilichonse ndi ana, ndipo amakhutira. Iwo amalandira malipiro mu randi, ndipo nyanja ili maola asanu ndi limodzi kuchokera pakhomo pawo. Kwa ife a kuno ku Eastern sindikuona mmene masamu ake angatulukire. Ndalama ya levy ya chaka chimodzi ingagoneke banja ku Mfuwe pa mtengo wa nzika, kapena ku Senga Bay ku Salima, kumene ukachoka m'mawa pa Mwami nkhomaliro ya chambo umakadyera pa gombe. Chaka chimene soya wagwa mtengo, mumangokhala pakhomo, ndipo palibe amene amakutumizirani bilu.

Mnzanga wa m'chilimba uja tinaiwerenga limodzi meseji yake kuseri kwa kauntala. Inkati akatenge mphatso yake ku hotela ina ku Lusaka, abwere ndi amuna ake, ndipo asaiwale reji ndi khadi la ku banki. Ndinamufunsa kuti analowa mpikisano uti, ndipo anakumbukira kuti analemba nambala yake pa kapepala pa chionetsero china. Ndinamuuza kuti awayankhe molemba ndi mafunso atatu: dzina lonse la kampani kuti tikaifufuze ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, ndalama yonse yolipira pa chaka, ndiponso ngati angamutumizire panganolo aliwerenge ali kwawo asanakwere basi. Ndinamuuzanso kuti masiku asanu aja ndi lamulo la ku South Africa, asaganize kuti alipo paliponse, ndipo ngati zavuta ndi kampani ya m'dziko muno kodandaula ndi ku CCPC, bungwe loteteza ogula. A kampaniyo sanayankhe funso ngakhale limodzi. Anangoimba kawiri, kunena kuti mwayi ukutha Lachisanu. Ndalama ya basi ya anthu awiri mnzangayo anaiponya m'chilimba cha mwezi uno.

Nesi uja anabwera ku shopu Lachiwiri lapitali ndi envulopu ya bilu ya chaka chino. Tinakhala pa matumba a mbewu, ine ndikulemba pa foni, iye akundiwerengera manambala a pangano ndi tsiku limene amuna ake anamwalira. Kalata imodzi tatumiza ku kampaniyo kupempha kuti amumasule, ndi chikalata cha imfa pamodzi, ina ku National Consumer Commission. Alamu alonjeza kukaisiya pamanja akapita ku Pretoria. Tikudikira yankho.